Mfuti zingati zimakwana kwa mlenje wokhala ku South Africa?

Mlenje wa ku Limpopo:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Munthu ali kuno ku South Africa, ali ndi pepala lokhalitsa m'dziko muno, amapita kosaka kawiri kapena katatu nyengo yozizira, ndipo akufunanso chotetezera pakhomo. Ena akuti mfuti imodzi ndi yokwanira, ena akuti ukagula imodzi sulekeza. Kodi lamulo limalola zingati, ndipo mwa zololedwazo zofunikadi ndi zingati? Ayambire iti?

Bambo a ku Polokwane:

Achimwene, nambala yoyamba ikuchokera ku boma. Lamulo lake ndi Firearms Control Act la 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2004. Mfuti iliyonse imakhala ndi laisensi yakeyake, ndipo laisensi iliyonse imafuna chifukwa cholembedwa.

Ya chitetezo ili m'gawo 13: imodzi basi, pisitolo kapena chifefe chosadzilongedza chokha, ndipo laisensi yake imatha pakapita zaka 5. Za wosaka mwa apo ndi apo zili m'gawo 15: zisapitirire 4, laisensi ya zaka 10. Koma apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka powerengera. Mukakhala ndi ya gawo 13, za gawo 15 zimatsikira pa 3, choncho zonse pamodzi ndi 4, osati 5. M'gawo 15 pisitolo imaloledwa imodzi yokha, ndipo mfuti yaitali yodzilongedza yokha mukawomba siloledwa.

Musanafike konseko pafunika satifiketi ya competency, yosonyeza kuti munaphunzira ndipo ndinu woyenera kukhala ndi mfuti. Mukhale ndi zaka 21, mukhale nzika kapena wa pepala lokhalitsa. Wa pepala la ntchito lokha asataye ndalama za maphunziro. Competency imapita ndi mtundu wa mfuti: ya pisitolo siikugulirani chifefe. Fomu ya competency ndi SAPS 517, ya laisensi ndi SAPS 271, ndipo zonse zimaperekedwa kwa wapolisi woona za mfuti, uja amati DFO, kupolisi ya dera lanu. Pempho limakanidwa kawirikawiri chifukwa kalata yofotokoza chifukwa ndi yopanda nyama. Kungolemba kuti "ndimakonda kusaka" sikukwanira. Tchulani nyama, malo, mtunda womwe mumawombera, ndi chifukwa chake mfuti yomwe muli nayo kale singagwire ntchito imeneyo.

Agogo a Tchire:

Zalamulo zamveka. Tsopano funso la zofunikadi. Musawerenge mfuti, werengani ntchito. Mfuti ziwiri zogwira ntchito imodzi ndi katundu chabe.

Kwa munthu amene mwamufotokozayu, yoyamba ikhale mfuti yaitali ya bolt, yolongedza ndi dzanja mukawomba kamodzi, ya zipolopolo za .308 Winchester kapena .30-06. Iliyonse mwa ziwirizi imagwetsa nswala, njiri, nyumbu ndi ngoma, ndipo zipolopolo zake zimapezeka pafupifupi mu shopu iliyonse ya mfuti. M'tchire la ku Limpopo, momwe mitengo ya tsanya ndi minga yathithikana, nyama imaoneka pafupi, nthawi zambiri mkati mwa mamita 100 kapena 150. Kumeneko chipolopolo cholemera, cha 165 kapena 180 grain (muyezo wa kulemera kwa chipolopolo), chimachita bwino kuposa chopepuka chothamanga kwambiri, chomwe chikamenya mwendo wam'mbuyo kapena phewa chimasiya nyama yamagazi oundana, yongotaya. Kugula .308 ndi .30-06 zonse ziwiri n'kuwononga malo amodzi mwa anayi aja, chifukwa nyama siingasiyanitse.

Yachiwiri ndi .22 LR, mfuti yaitali ya tizipolopolo tating'ono. Ambiri amainyoza, koma ndi imene imaphunzitsa munthu kuwomba. Siikankha phewa, zipolopolo zake n'zotchipa, ndiye mutha kuwomba 50 pa tsiku limodzi pabwalo loyeserera osadandaula thumba. Munthu amene amangogwira mfuti yaikulu kawiri pachaka amayamba kutsinzina ndi kugwedeza dzanja phokoso lisanamveke, ndipo mathero ake ndi nyama yovulazidwa m'mimba yothawira m'tchire. Pa mafamu ambiri nyama yovulazidwa mumailipira ngakhale musaipeze.

Yachitatu ndi chifefe cha 12 gauge (muyezo wa kukula kwa mpope), ngati mumasakadi nkhanga, nkhwali kapena njiwa. Ngati mbalame simuzifuna, chisiyeni. Ya njati, monga .375 H&H, musaiganizire panopa. Ulendo umodzi wa njati ndi ndalama zochuluka, ndipo mfutiyo ingakhale zaka ili mu sefa osalawa dzuwa.

Choncho kwa ine: ziwiri zosakira, yachitatu ngati pali mbalame, kuphatikiza ya pakhomo ija. Zakwana 4, ndipo palibe ntchito yotsala.

Mayi a ku Durban:

Ndiwonjezere zomwe amuna sakonda kuwerengera pogula. Mfuti iliyonse imabwera ndi udindo wake mpaka tsiku lomwe mudzaigulitse.

Sefa ikhale ya muyezo wa SABS 953-1, yomangidwa ndi mabawuti kukhoma kapena pansi, ndipo kiyi akhale ndi mwini laisensi yekha, osati pamwamba pa wodirobu pomwe mwana aliyense akudziwa. Sefa yolembedwa kuti imalowa mfuti zisanu, zoona zake imalowa zitatu zikakhala ndi magalasi oonera patali. Mukazipanikiza, magalasiwo amagundana n'kusuntha, mumakazindikira muli kutchire. Kuno kunyanja chinyezi chimadya chitsulo. Chala chimodzi cha thukuta pa mpope, pakatha mwezi mupeza chidindo cha dzimbiri pomwepo. Ikani timatumba ta silica gel, toyamwa chinyezi, mu sefa, musasunge mfuti m'chikwama chake cha nsalu chifukwa chimasunga chinyontho, ndipo iliyonse itulutsidwe ndi kupukutidwa ndi kansalu ka oyilo ngakhale simunaiwombe.

Ndiye pali madeti. Pempho lokonzanso laisensi liyenera kulowa masiku osachepera 90 laisensi isanathe. Ndi mfuti zinayi zogulidwa zaka zosiyana, ndi madeti anayi oti muwakumbukire, ina ya zaka 5, zina za zaka 10. Mu 2018 khoti lalikulu la malamulo a dziko, Constitutional Court, linagamula kuti ndondomeko imeneyi ndi yovomerezeka, kutanthauza kuti laisensi ikatha, mfutiyo muli nayo mosaloledwa. Mu 2022 khoti lomwelo linalola kuti munthu wotero apemphe laisensi yatsopano, koma kumeneko n'kuyambiranso pachiyambi. Lembani madetiwo mkati mwa chitseko cha sefa.

Zipolopolo malire ake ndi 200 pa mfuti iliyonse ya laisensi, ndipo zikhale za mfuti zomwe muli nazo. Mfuti ikabedwa kapena kutayika, kanenani kupolisi pasanathe maola 24. Komanso musaganize zopita nayo ku Malawi pa tchuthi cha Disembala ngati wailesi: laisensi ya kuno imathera pachipata. Ganiziraninso za banja. Mwini akamwalira, mkazi kapena mwana sangangotenga mfuti ngati njinga, ayenera kukhala ndi competency ndi laisensi yake, apo ayi woyendetsa chuma cha masiye aigulitse kapena aipereke kupolisi.

Bambo a ku Polokwane:

Mayi anena zoona. Pali gawo 16, la mlenje kapena wamasewera wodzipereka, lomwe lilibe malire a 4 kapena a zipolopolo 200, koma limafuna kuti mukhale membala wa bungwe lovomerezeka ndi kuonetsa chaka ndi chaka kuti mukusakadi kapena mukupikisana. Wopita kutchire katatu pachaka sakulifunikira.

Chenjezo limodzi kwa amene adzakhale ndi zifefe ziwiri: musasakanize 12 gauge ndi 20 gauge m'thumba limodzi. Katiriji ya 20, yomwe ndi yaing'ono, ikalowa mu 12 imatsetsereka n'kukakamira mkati mwa mpope, pakhomo pake n'kuoneka ngati mulibe kanthu. Munthu amalongedza ya 12 kumbuyo kwake, akawomba mpope umaphulika pafupi ndi dzanja lomwe lagwirizira kutsogolo.