Kodi ojambula zithunzi zoseketsa akale ankanyoza bwanji mafumu ku England osamangidwa?

Chifuniro:
Abale tandithandizeni. Dzulo ndinaona pa intaneti chithunzi cha James Gillray cha mu 1792, anajambula Prince of Wales, yemwe uja anadzakhala George IV, ali khale pampando chimimba chili tuu mabatani akuchita kumasuka, akutokosa m'mano ndi foloko, pansi pali mabotolo komanso timabuku ta ngongole zosabweza. Mwana wa mfumu ameneyo! Nanga sanamutsekere bwanji munthuyu?

Mada:
Asisi, olemba ndi amene ankaona zakuda. Chaka chomwecho cha 1792 khothi linapeza Thomas Paine wolakwa chifukwa cha buku lake Rights of Man, iyeyo ali ku France. Koma chithunzi chimavuta kusumira, tangoganizani loya waima m'khothi akufotokoza kuti chimimba ichi ndi cha bwana wanga, anthu angangoseka ndiye manyazi amachita kuwirikiza. Komanso zithunzizi ankagula ndi anthu a ndalama, osauka ankangounjikana pawindo la shopu ya Hannah Humphrey ku London kuonera ulere.

Bambo a Tadala:
Musaiwale kuti ena ankawatseka pakamwa ndi ndalama. Kuyambira 1797 Gillray ankalandira mapaundi 200 pachaka kuchokera ku boma la nduna yaikulu William Pitt, ndiye ukali wake wambiri unapita kwa Charles James Fox, mtsogoleri wa otsutsa boma, ndi Afalansa. George Cruikshank naye mu 1820 anamupatsa mapaundi 100 kuti asamajambule George IV akuchita zachisawawa. Zimandiwawa ndithu zimenezi chifukwa Gillray luso anali nalo, onani chithunzi chake cha 1805 chija Pitt ndi Napoleon akhala patebulo akuchekerana dziko lonse ngati chakudya.

Mada:
Ine mtima wanga uli kwa William Hogarth, iye sankalimbana kwambiri ndi mafumu koma khalidwe la anthu wamba. Gin Lane ya 1751 imandiliritsa, mayi waledzera wakhala pamasitepe, zilonda m'miyendo, mwana wapulumuka m'manja akugwa chamutu iye sakudziwa n'komwe, akungotapa fodya wake. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhwimitsa lamulo la kagulitsidwe ka mowa wa gin. Ndipo Hogarth ankakana kuti zake ndi caricature, ankati iye amajambula anthu mmene alili osati kukulitsa mphuno.

Chifuniro:
Zikomo nonse. Ndachipeza cha Gin Lane, kumbuyoko kuli munthu wadzimangirira m'nyumba yogumuka, poyamba sindinamuone. Bambo a Tadala, ndalama zija atalandira, Gillray anamusiyiratu Pitt kapena ankamugwirabe apo ndi apo?