Ndodo ya snooker ya agogo: ndiigulitse bwanji osandibera?

Nambewe wa ku Chinamwali

Abale, ndibwerekeni nzeru. Agogo anga aamuna ankaperekera zakumwa pa kalabu ina ya azungu kuno ku Zomba. Mu 1964, dziko litalandira ufulu, bwana wina wa m'boma pobwerera kwawo anawasiyira ndodo yake yosewerera snooker, masewera a pa tebulo ofanana ndi pool. Agogo sankasewera ayi, koma ankaisunga pamwamba pa kabati, m'chibekete chake chachitali chakuda chokhala ndi kaloko kumutu. Ife adzukulu tinkangochiona ndi maso. Atatisiya chaka chatha, amayi anandipatsa ine.

Ndodoyo ndi yathunthu, yopanda polumikiza pakati. Kumtunda ndi yoyererako, yokhala ndi mizere yooneka ngati mitu ya mivi, ndipo kogwirira ndi yakuda bii ngati phingo. Kumunsi kwenikweni kuli kachikwangwani koyera kolembedwa kuti Burroughes & Watts, London, Burwat Champion. Palinso nambala 17 yodindidwa pamtengo. Kachikopa kakunsonga kanagwa kalekale.

Loweruka ndinapita nayo posewerera pool kumsika. Bambo wina atangowerenga kachikwangwaniko anatulutsa K50,000. Nditakana anakweza mpaka K120,000 osakambirana n'komwe, ndipo mtima wanga unagunda. Ndikufuna fizi ya mwana wanga wa Fomu 1, koma sindikufuna kutaya chinthu cha agogo mwaumbuli. Mlongo wanga akuti tiikwechese ndi sandipepa, tiipake vanishi kuti iwale. Nditani?

Achimwene a ku Leicester

Achemwali, choyamba mubiseni sandipepa mlongo wanuyo. Chonde. Anthu osonkhanitsa ndodo zakale amagula ukalambawo, ndipo ndodo yokwechedwa n'kupakidwa vanishi imagwa mtengo tsiku lomwelo. Ipukuteni ndi kansalu kouma, basi. Ngakhale kachikopa kakunsongako musaike katsopano, wogula adzaika yekha.

Burroughes & Watts inali kampani yotchuka ya ku Soho Square ku London, yopanga matebulo ndi ndodo za billiards, ndipo Burwat Champion ndi dzina limene okonda snooker kuno ku UK amalidziwa bwino. Mtengo woyerawo ndi ash, wakudawo ndi ebony. Nambala 17 ndi kulemera kwake m'ma ounce.

Tsono yang'anani pamene mtengo wakuda ukulowa mu woyera. Pali nsonga zinayi. Zikakhala zobulungira kumutu ngati chala, ndiye kuti analumikiza ndi manja, ndipo zotere ndi zimene zimafunidwa. Zikakhala zosongoka ngati minga, ndi za makina. Kenako tsinzinani diso limodzi, muiyang'ane kuchokera kumunsi mpaka kunsonga mukuizunguza pang'onopang'ono, muone ngati inapindika. Muipimenso kutalika. Ndodo zambiri zimakhala mainchesi 57 kapena 58, ndipo yofupikirapo kwambiri mwina wina anaidula. Chibeketecho musachitaye, chimagulitsidwa pamodzi ndi ndodo.

Za mtengo wogulitsira musamvere munthu mmodzi. Lowani pa eBay ya ku UK, msika wa pa intaneti, mulembe dzina la ndodoyo, musankhe zimene zinagulidwa kale, osati zimene anthu akungotchula mitengo. Muyerekeze ndi zofanana ndi yanu pa kachikwangwani ndi pa kuwongoka.

Mphunzitsi wopuma, Liwonde

Mwanawe, ine zamasewerazo sindilowererapo, koma mawu akuti kachikwangwani koyera andidetsa nkhawa. Zinthu zambiri za nthawi imeneyo ankazikongoletsa ndi mnyanga wa njovu. Kuno kwathu lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, ndipo milandu ya minyanga chilango chake chimatha kufika zaka 30 kundende. Kunjanso malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa ndi pangano la CITES mu 1989. Wapolisi pabwalo la ndege sadzafunsa za agogo ako.

Tenga tochi ya foni, uunikire pafupi. Fupa limakhala ndi timadontho takuda tating'onoting'ono. Mnyanga umakhala wosalala, wokhala ndi timizere tosaoneka bwino, ndipo m'mbali timizereto timapingasana. Koma pali pulasitiki wina amene ankamupanga dala kuti afanane ndi mnyanga, choncho maso ako okha asakhale oweruza. Pita nayo ku Dipatimenti yoona za nyama zakutchire ukafunse usanaike chithunzi pa Facebook.

Achimwene a ku Leicester

Aphunzitsi anena zoona. Kuno ku UK lamulo la malonda a minyanga, la Ivory Act, linayamba kugwira ntchito mu 2022. Chinthu chopangidwa chaka cha 1947 chisanafike, chimene mnyanga wake sufika magawo 10 pa 100 alionse, chimaloledwa kugulitsidwa pokhapokha chitalembetsedwa kuboma. Onjezanipo vuto lotumiza. Ndodo yathunthu imatalika pafupifupi mita ndi theka, ndalama yotumizira ndi yambiri ndipo ikhoza kuthyoka panjira.

Che Mdala wa pa tebulo

Mayi, ine ndasewera pool zaka zambiri, ndodo yotere sindinaigwirepo. Bambo wa K120,000 uja akudziwa kumene akaigulitse. Ngati fizi ingapezeke kwina, isungeni. Muzingoigoneka m'chibekete chake, osaitsamiritsa kukhoma, chifukwa chinyezi cha ku Zomba chimapinda mtengo.

Nambewe wa ku Chinamwali

Zikomo nonse. Ndaunika usiku uno. Nsonga zinayi zija ndi zobulungira, kutalika ndi mainchesi 57 ndi theka, ndipo yapindika pang'ono chabe chakumtunda. Pa kachikwangwani timadontho takuda palibe, koma timizere ndikutiona, ndiye mantha andigwira. Sandipepa ndamulanda mlongo wanga. Fizi ya teremu yoyamba ndigulitsa mbuzi ziwiri, ndipo Lachiwiri ndikwera minibasi ya ku Liwonde ndi zithunzi m'foni, ndikafunse a zanyama. Ndodo yeniyeniyo ndaibwezera pamwamba pa kabati.