Kodi gag bit ingathandize kavalo wokoka zingwe?

Abale anga okwera akavalo, ndigawireniko nzeru. Kavalo wanga akayamba kuthamanga amaweramitsa mutu n'kumakoka zingwe mwamphamvu, moti snaffle, chitsulo wamba cha m'kamwa chomwe ndimamuveka, sakuchimvanso. Mnzanga akuti ndiyese chitsulo china cha m'kamwa chotchedwa gag bit, poti ukakoka chingwe chitsulocho chimakwera m'kamwa, n'kukanikiza m'mbali mwa milomo ndi kuseri kwa makutu, kavaloyo n'kudzutsa mutu.

Koma mtima wanga sukukhazikika. Ndikuopa kumupweteka pakamwa mpaka azichita mantha ndi dzanja langa.

Inu amene munaigwiritsapo ntchito, kodi ndimange zingwe ziwiri, china pa mphete yachitsulocho choyendetsera nthawi zonse, china cha gag chokoka pokhapokha akavuta? Kapena dokotala wa ziweto ayambe wamuona mano, mwina akukoka chifukwa cha ululu?