Kusankha kapena kusankhidwa: mwana wa sukulu ali ndi mphamvu yanji pa tsogolo lake?

NaPhiri_Mponela:
Ndifunse nawo akuluakulu. Zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka timangomva kuti uyu wasankhidwira ku Dedza Government, uyu ku CDSS ya pafupi, uyu dzina lake palibe. Ena amati n'zolembedwa kale, ena amati ndi khama basi. Kuyambira ku pulayimale mpaka ku yunivesite, n'chiyani chimene mwana ndi makolo amasankha okha, ndipo n'chiyani chimene amangopatsidwa? Ndikufuna kudziwa poti tiikepo mphamvu.

Mphunzitsi_wa_Masamu:
A NaPhiri, pa khomo loyambalo mwana alibe mawu ambiri. Mayeso amakonza ndi a MANEB, kusankha amachita ndi a unduna wa zamaphunziro potengera malikisi. Okhoza kwambiri amapita ku sukulu za boma zotenga ana a dziko lonse, otsatira ku sukulu zogonera za m'boma lawo, ambiri ku CDSS imene imatenga ana a m'masukulu oyandikana nayo. Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994 ana anachuluka kuposa malo a ku sekondale, choncho mwana akhoza kukhoza ndithu koma osasankhidwa.

Chimene chimagwetsa ambiri chimayamba kale, pa Sitandade 5. Apo ndi pamene chiphunzitso chimasinthira ku Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Mwana wosatha kuwerenga bwino amalephera masamu ndi sayansi osati chifukwa chosadziwa yankho, koma chifukwa funsolo sanalimve. M'mera m'poyamba. Ngati pali poti kholo ligwirepo, ndi apa: mwana wa Sitandade 3 kapena 4 aziwerenga mokweza mphindi 20 madzulo alionse, wina akumvetsera, ndipo asamajombe nthawi yopalira ndi yokolola. Kuthamangira maphunziro apadera ali kale mu Sitandade 8 kumathandiza pang'ono chabe.

Mlangizi_Zomba:
Ndikugwirizana nawo aphunzitsi, koma tisaiwale kuti chisankho chachikulu chimene mwana amachita yekha chili pa Fomu 3, posankha maphunziro. Ambiri amasankha motsatira anzawo kapena pothawa mphunzitsi wolusa, osadziwa kuti akudzitsekera njira.

Mawerengedwe a MSCE ali motere: phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kupambana kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, ndiye mapointi 6 ndiwo apamwamba zedi. Wolephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi ngakhale atakhoza zina zonse, ndipo yunivesite za boma zimafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi.

Cholakwika chimene chimabwerezedwa chaka ndi chaka n'chakuti mwana amasiya Physics kapena Chemistry kuti mapointi ake aoneke okongola, kenako n'kufuna udokotala ku yunivesite ya KUHeS kapena uinjiniya ku ya MUBAS. Mapointi 14 opanda sayansi yofunikayo sakufikitsa kumeneko. Koma pano ndinene mosabisa: CDSS zambiri zilibe labu, zina zilibe mphunzitsi amene anaphunziradi maphunzirowa. Mwana wa kumeneko tisamunene kuti anasankha kusiya sayansi. Anamusankhira ndi malo amene anabadwira, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima.

Bambo_a_Chisomo:
Ine ndikuona kuti mukuchepetsa mbali ya mwana. Wosasankhidwa ku sekondale akhoza kubwereza Sitandade 8, kapena kulowa sukulu ya masana ija timati open, imene imaphunzitsidwa m'makalasi omwewo ena akaweruka. MSCE nayo imabwerezedwa, ndipo wogwa pa phunziro limodzi akhoza kukonza.

Fomu yofunsira malo ku yunivesite za boma, ya bungwe loyang'anira maphunziro aukachenjede la NCHE, anthu amaidzaza mwachibwana. Kusankhira ana ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST kumachitikira pamodzi, ndipo wofunsira amaika mapulogalamu amene akufuna motsatana. Akadzaza mizere yonse ndi zamalamulo, udokotala ndi zina zolimbiranidwa, amatsala kunja, pomwe mnzake wa mapointi ochepera mphamvu amalowa chifukwa anaikapo uphunzitsi kapena ulimi. Werengani zofunika pa pulogalamu iliyonse, yerekezani ndi magiredi a mwanayo phunziro ndi phunziro, ndipo m'munsi muikemo imene ali ndi mwayi weniweni wolowa. Akasankhidwa, afunsire ngongole ku bungwe lobwereketsa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede nthawi yake isanatseke.

NaPhiri_Mponela:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga amene ali kale ku CDSS yopanda labu koma mtima uli pa sayansi?

Mlangizi_Zomba:
Asaisiye, amayi. Pitani kwa ahedi mwana akadali mu Fomu 2, teremu yachitatu isanathe, mukafunse ngati Physics ndi Chemistry zimaphunzitsidwa mpaka Fomu 4, ndiponso kumene ana amakayeserera za mu labu. Sukulu zina zimagwirizana ndi sekondale yoyandikana nayo imene ili ndi zipangizo. Apeze mapepala a mayeso a MANEB a zaka zapitazo, azilemba akudziyeza ndi wotchi. Ngati sukuluyo ilibiretu maphunzirowa, kusamutsa mwana kuchitike asanayambe Fomu 3, chifukwa silabasi ya MSCE ndi ya zaka ziwiri, ndipo wolowa pakati amapeza anzake atadutsa kale mitu imene ina yonse yatsamirapo.