Tsamba limodzi la maganizo athu pa bajeti: ndiikepo chiyani?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Kuntchito andipatsa kuti ndilembe maganizo omwe tikapereke pa msonkhano uja nduna ya zachuma imamvera anthu bajeti isanapite ku Nyumba ya Malamulo. Akuti tsamba limodzi basi. Nkhani yake ndi yakuti boma lingatani kuti lileke kudya ndalama zoposa zomwe limatolera chaka ndi chaka. Ndalemba ziwiri: VAT (msonkho wa pa zinthu zogula) ikwere, ogwira ntchito m'boma achepe. Koma mtima sukukhazikika nazo.

aJere: Achemwali, ya VAT ichotseni. Ikakwera imaluma kwambiri wogula tinthu ta pagolosale, pomwe wandalama saimva n'komwe. Yang'anani misonkho imene boma limakhululuka: katundu wolowa osalipira kalikonse pachipata, makampani opatsidwa zaka zopuma msonkho. Boma lisindikize chaka chilichonse kuti lakhululukira ndani, ndalama zingati, ndipo dziko lapindulapo chiyani. Chinanso, makina a malisiti aja a bungwe lotolera misonkho la MRA alipo, koma ndi masitolo angati amene amakupatsani lisiti musanachite kupempha?

aPhiri: aJere anena zoona, koma chilonda chenicheni sichili pamenepo. Chili pa chiwongoladzanja. Cashgate, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma, itaphulika mu 2013, mayiko ndi mabungwe omwe ankathira ndalama mu bajeti yathu, pafupifupi 40 peresenti, anaimitsa thandizolo. Boma silinachepetse moyo wake. Linatembenukira ku mabanki a konkuno, kugulitsa ma treasury bill ndi ma treasury note, zikalata zomwe boma limakongolera ndalama. Ngongole ya konkuno ndi yodula, taonani kuti mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti. Mu bajeti ya 2024/25, pafupifupi kwacha imodzi pa makwacha anayi alionse inali yolipira chiwongoladzanja chokha, osagula ndi panado yemwe.

Ndiye taganizani. Chaka chino mwakongola kuti mulipire chiwongoladzanja cha chaka chatha, chaka chamawa dzenje lakula. Kumudzi timati katapila. Ndipo banki ikaona kuti boma likulipira bwino chotere, ingavutikirenji kukongoza mwini chigayo kapena fakitale? Mabizinesi akapanda kukula, MRA itolera kwa ndani? Zimandipweteka chifukwa mu 2006 ngongole zathu zambiri zakunja zinafafanizidwa, tinali ndi mpata woyambiranso.

Choncho mfundo yoyamba ikhale iyi: chotsani chiwongoladzanja pa masamu, muone ngati zotsalazo zikukwanirana ndi zomwe tatolera. Boma litchule chaka chimene zidzakwanirane, ndipo malire a ngongole ya konkuno asamadumphidwe pakati pa chaka popanda aphungu kuvomereza.

Nabanda: Zikomo bambo Phiri, apa mwanditsegula maso. Nanga sabuside ya fetereza? Bwana wanga akufuna ndilembe kuti ithe.

Nachisale: Musalembe choncho mwana wanga, mukawatseka makutu onse m'holomo. Lembani kuti ichepe ndipo ifikire oyeneradi. Fetereza timagula ndi madola, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba lomwelo linafuna makwacha ambiri. Pulogalamu imene mtengo wake umayendera dola sungaisiye yopanda malire. Anzathu a ku Zambia anachotsa sabuside ya mafuta a galimoto mu December 2021, mitengo inakwera pompo. Ndiye mukati chinthu chichepe, nenaninso kuti wosaukitsitsa agwira pati, kaya ndi Mtukula Pakhomo.

Koma ine changa ndi ngongole zobisika. Kasitomala wanga wina anaperekera mipando ku dipatimenti ina, anadikira malipiro zaka ziwiri, banki ikumudya. Tenda yotsatira anakweza mtengo kuti adziteteze, ndipo sindinamudzudzule. Boma likachedwa kulipira limagula chilichonse modula, kwinaku pa pepala bajeti ikuoneka ngati ili bwino. Oda iliyonse idutse mu IFMIS, kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, ndalama zake zilipo kale. Yopanda kutero, wosainayo ayankhe yekha.

aJere: Ya ogwira ntchito ija isintheninso. Aphunzitsi ndi anamwino ndi ochepa kale. Awerengedwe mutu ndi mutu kuti mayina a anthu omwe kulibe achoke pa malipiro, kenako mudule ma alawansi, maulendo akunja ndi misonkhano ya kunyanja.

Nabanda: Ndamva. Ndiyamba ndi chiwongoladzanja ndi malire a ngongole, kenako ma oda ndi ngongole zobisika, kenako misonkho yokhululukidwa. Sabuside ya fetereza ndi ma alawansi zilowa mzere umodzi umodzi kumunsi. VAT ndafufuta. Bambo Phiri, ndikutumizirani usiku uno muone ngati masamu a chiwongoladzanjawo ndawaika bwino, chifukwa bwana akulifuna mawa 10 koloko.

aPhiri: Tumizani achemwali. Muikenso manambala a chaka chathachi pambali pa a chaka chino, aone okha mmene dzenjelo likukulira.