Kodi maphunziro a aphunzitsi pa makina a 3D tiyambire pati?

Mphunzitsi wa jogalafe, Chitakale

Aphunzitsi anzanga, sukulu yathu ya sekondale kuno ku Mulanje yalandira makina osindikizira zinthu a 3D, amene amaumba chinthu chogwirika ndi manja kuchokera pa chojambula cha pa kompyuta, ndipo ahedi andipempha kuti ndikonze maphunziro a aphunzitsi pa tchuthi chikubwerachi, ngakhale palibe mmodzi mwa ife amene anajambulapo chinthu pa kompyuta. Cholinga changa n'chakuti ana agwire ndi manja awo chifanizo cha phiri la Mulanje, aone mmene mizere ya pa mapu imasonyezera kukwera kwa nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002. Kodi tiyambe ndi makinawo kapena ndi kompyuta?

Mphunzitsi wa Technical Drawing, Luchenza

Achimwene, makinawo muwasiye kaye m'bokosi, chifukwa iwo amangotsatira zimene munthu wajambula, ndipo mphunzitsi amene sadziwa kujambula adzangokhala wotsitsa zojambula za ena pa intaneti. Pulogalamu ya Tinkercad ndi yaulere komanso yosavuta kwa oyamba kumene, koma imafuna intaneti nthawi zonse. FreeCAD ndi yovutirapo, komabe mukaiika pa kompyuta imagwira ntchito popanda bandulo. Aliyense ayeze ndi rula chinthu chaching'ono, monga chivindikiro cha botolo, achijambule m'mamilimita, achisunge ngati fayilo ya STL (mtundu wa fayilo yosunga maonekedwe a chinthu cha 3D), kenako aone mmene pulogalamu ya Cura imachidulira m'zigawo zopyapyala zimene makina amasanjikiza kuyambira pansi. Chivindikirocho chikakana kulowa pa botolo, mphunzitsiyo adzamvetsa yekha kufunika koyeza molondola. Phiri lanulo lidikire teremu yachiwiri.

Mayi wophunzitsa sayansi, Bvumbwe

Ndikugwirizana nawo abambowa, koma musaiwale nyengo ya kwathu kuno. Ulusi wa pulasitiki wa PLA, umene makinawo amausungunula pa madigiri pafupifupi 200 n'kuumbira zinthu, umayamwa chinyezi, ndipo nthawi ya chiperoni mukausiya pa tebulo umayamba kuthyokathyoka ndi kuthetheka potuluka, chinthucho n'kukhala ndi timabowo. Muziusunga mu ndowa yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Komanso chinthu chachikulu ngati chibakera chimatha kutenga maola angapo, choncho magetsi akathima pakatikati, nthawi zambiri ulusi ndi nthawi zapita pachabe, pokhapokha muli ndi batire kapena sola.

Pa za phirilo ndili ndi maganizo ena. Tonsefe tinaphunzira TALULAR ku koleji, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'dera lathu lomwe, ndipo ana akadula makatoni motsatira mizere ya pa mapu n'kuwasanjikiza okha, amamvetsa bwino kuposa kungolandira chinthu chothaitha. Ulusi ndi wodula ndipo supezeka m'magolosale a pa Chitakale, choncho muugwiritse ntchito pa zinthu zimene katoni ndi dongo sizingathe, makamaka mapu ndi zifanizo za masamu zoti ophunzira a vuto losaona azizikhudza ndi zala.

Kholo, Thyolo boma

Ine si mphunzitsi, koma ndimati ndikukumbutseni kuti yunivesite ya MUST ili konkuno ku Ndata, ndipo imaphunzitsa za uinjiniya. Ahedi anu atalemba kalata yopempha kuti ophunzira ena adzakuthandizeni pa masiku oyambawo, sikungakhale kulakwa. Muitanenso aphunzitsi a m'sukulu zoyandikana nanu, kuti wina akasamutsidwa makinawo asatsekeredwe m'sitolo.

Mphunzitsi wa jogalafe, Chitakale

Zikomo nonse. Makompyuta athu ndi akale ndithu. Kodi FreeCAD ingayende bwino pa iwo, kapena tibwereke laputopu?