Kodi "uchema" n'chiyani kwenikweni?

Mdzukulu wa ku Mabvuku: Akuluakulu ndithandizeni. Agogo aamuna, omwe anachokera ku Nsanje, akamva munthu wolankhula motsekemera ankati, "Ameneyo ndi uchema, mudzamuone madzulo." Ife obadwira muno mu Harare tinkangoseka. Amalume akuti uchema ndi thobwa la ku Lower Shire, koma ndikukayika. Kodi ndi chiyani, nanga madzulowo akubwerapo bwanji?

Mayi a ku Mufakose: Amalume anuwo asakusokeretseni mwanawe, thobwa ndi la chimera. Uchema ndi madzi a mgwalangwa, mtengo uja masamba ake amatambasuka ngati chikhatho. Amadula kunsonga, n'kumangirira chikho kuti madzi azidonthera m'menemo. M'mawa amakhala ozuna, ngakhale mwana atha kumwa. Dzuwa likaomba amasasa okha popanda wothiramo kanthu, pofika madzulo ndi mowa wogwetsa munthu wamkulu. Agogo anu ankanena munthu woyamba bwino, ukali wake n'kudzaonekera pambuyo.

Bambo a ku Highfield: Mayi mwalasa, koma ine ndimamva mwina. Mtengowu umakulira pansonga pamodzi pokha, ndiye ukaugwiritsa ntchito ya uchema thunthulo limauma. Mwina ankanena wokoma pakamwa koma wowononga pomwe wachokera.

Mdzukulu wa ku Mabvuku: Ndiye ndi kanjedza yemwe timanyamula ku tchalitchi Lamulungu la Kanjedza?

Mayi a ku Mufakose: Ayi, kanjedza masamba ake ndi aatali onga nthenga. Uwu masamba ake ndiwo mlaza wolukira mikeka, zipewa ndi madengu. Andebele amati ilala, Ashona amati murara. Pitani kumsika wa ku Mbare mukafunse madengu a ku Binga, amene amaluka amayi achitonga, mukaugwira ndi manja anu. Muno sumera wokha chifukwa Harare ndi pamtunda pozizira. Umakonda zigwa zotentha monga Zambezi ndi Shire. Zipatso zake zimatenga pafupifupi zaka 2 kuti zipse, njovu zimazikonda, ndipo njere yake ndi yoyera komanso yolimba moti amasemera tizokongoletsa.

Bambo a ku Highfield: Wina asanafunse: sitima ya Ilala ya pa nyanja ya Malawi sinatengere dzina ku mtengowu. Ilala ameneyo ndi dera la ku Zambia komwe David Livingstone anamwalirira mu 1873.

Mdzukulu wa ku Mabvuku: Zikomo nonse. Koma za "madzulo" zija ndatsamira kwa amayi. Alipo wa ku Nsanje kapena Chikwawa muno atiuze ngati mawuwa amanenedwa kumudzi, kapena anali a agogo okha?